Zolemba za Ntchito ya Matabuleti m'Makalasi a Sitandade 1 ndi 2, Seputembala 2024 mpaka Epulo 2025

Zolemba izi ndazitenga m'kope lomwe limakhala pamwamba pa kabati ya matabuleti pasukulu yathu ya pulayimale, yomwe ili chakumapeto kwa mzinda wa Mzuzu. Mphunzitsi wamkulu anandipatsa udindo woyang'anira zipangizozi kuwonjezera pa kalasi yanga ya Sitandade 2, ndipo anapempha kuti ndizilemba zochitika mwezi ndi mwezi, kuti komiti ya sukulu ndi alangizi a zamaphunziro a m'zoni yathu asamangomva zapakamwa.

Kuphunzitsa ana aang'ono pogwiritsa ntchito matabuleti si chinthu chachilendo m'Malawi. Mu 2013 ofufuza a ku University of Nottingham anayesa pulogalamu ya masamu ya bungwe la onebillion pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake bungwe la VSO pamodzi ndi Unduna wa Zamaphunziro linafikitsa ntchitoyo kusukulu zina pansi pa dzina la Unlocking Talent. Mu 2023 boma linayamba ntchito yophunzitsa ana ndi matabuleti yotchedwa BEFIT, yomwe cholinga chake n'kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Zomwe zili m'munsimu ndi za sukulu yathu yokha, ndipo zolakwika zomwe ndatchula ndi zathu.

Seputembala 2024

Tinalandira matabuleti 60, mahedifoni 60, kabati yachitsulo yotchajiramo, mapanelo a sola awiri ndi batire lalikulu losungira mphamvu. Pulogalamu yomwe ili m'matabuletimo ndi ya kuwerenga, kulemba ndi masamu, imalankhula Chichewa, ndipo siyifuna intaneti, zomwe zinatichotsera nkhawa yogula mabandulo. Ntchito yathu yoyamba inali kulemba nambala ndi penti yamafuta kumbuyo kwa tabuleti iliyonse, pa hedifoni yake ndi pa malo ake m'kabati, kuti munthu akangotsegula chitseko aone msanga pomwe pali mpata. Makiyi alipo awiri: ina ndimasunga ine, ina wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Komiti ya sukulu inalipira wowotcherera kuti aike zitsulo m'mawindo a chipinda chomwe kale tinkasungiramo mabuku, ndipo chipindacho ndiye chinasanduka chophunziriramo.

Kugawa nthawi kunatitengera masiku atatu. Sitandade 1 ili ndi ana 212 m'makalasi awiri, ndipo Sitandade 2 ili ndi ana 176 m'makalasi awirinso. Tinagawa kalasi iliyonse pawiri, ndipo tinapeza magulu asanu ndi atatu, anayi a ana 53 ndi anayi a ana 44. Kuti gulu lililonse lilowe tsiku ndi tsiku kwa mphindi 30 pafunika maola anayi athunthu, pomwe ana a makalasi aang'onowa amaweruka msanga ndipo pakati pake pali nthawi yomwera phala. Tinagwirizana kuti pazikhala magawo asanu pa tsiku, kutanthauza 25 pa sabata, gulu lililonse lizilowa katatu, ndipo gawo lotsala la Lachisanu likhale lopukuta ndi kuwerenga zipangizo. Papepala, mwana aliyense amayenera kupeza mphindi 90 pa sabata.

Okotobala 2024

Mwezi uno ndi womwe unandiphunzitsa kuti zapapepala n'zina, zochitika n'zina. Kwa sabata imodzi ndinkaima pakhomo ndi wotchi, n'kumalemba nthawi yomwe mwana womaliza wavala hedifoni ndi nthawi yomwe belu lalira. Pa mphindi 30 zija, ana ankagwira tabuleti mphindi pafupifupi 18 basi. Zotsalazo zinkathera pa kufola, kuyenda kuchokera kukalasi, kulimbirana malo apafupi ndi windo, kumasula zingwe za mahedifoni zomwe zinkakolana m'kabati, ndi kubweza ana omwe abwera ndi manja a phala kuti akasambe kumpopi, komwe kuli patali ndithu. Mwana yemwe timamuwerengera mphindi 90 ankapeza zosakwana ola limodzi, ndipo panalibe kaundula aliyense yemwe akanaonetsa zimenezi, chifukwa m'kaundula timangochonga kuti gulu lalowa.

Tinasintha zinthu zinayi. Tsopano matabuleti timawayala pamikeka ana asanalowe, motsatira manambala, ndipo mwana aliyense anapatsidwa nambala yake yosasintha, moti mkangano wa malo unatha wokha. Mahedifoni sitiwabwezanso m'kabati koma timawapachika pa misomali yomwe tinakhoma pa thabwa lalitali. Ndowa yamadzi ndi sopo zili pakhomo penipeni, ndipo gulu lotsatira limafola panja gulu loyamba lisanatuluke. Nditayezanso kumapeto kwa mwezi, mphindi zinali zafika pa 26. Mnzanga wina anapereka ganizo lakuti ana a Sitandade 7 azitithandiza kuyala ndi kutolera zipangizo, koma ndinakana, chifukwa n'kulakwa kutulutsa mwana m'kalasi mwake kasanu pa tsiku kuti mng'ono wake aphunzire. Amayi awiri a m'gulu la amayi osamalira ana pasukulu ndi omwe anadzipereka, ndipo amasinthana masiku.

Pali phindu lina lomwe sitinaliganizire. Theka la kalasi likapita kumatabuleti, limodzi ndi mphunzitsi wophunzira ntchito yemwe tili naye chaka chino, mwini kalasi amatsala ndi ana 44 m'malo mwa 88. Ine ndemwe, m'zaka zonse zomwe ndaphunzitsa, ndinali ndisanamvetserepo mwana aliyense wa m'kalasi mwanga akuwerenga mokweza payekha m'sabata imodzi, koma tsopano zikutheka. Kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi vuto lomwe takhala nalo kuyambira 1994 pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo sindinayembekezere kuti tabuleti ingandipepukitsire katunduyo ngakhale kwa theka la ola.

Novembala 2024

Mahedifoni ndiwo chipangizo chosalimba kuposa zonse. Pofika pakati pa mwezi, 11 anali atasiya kumveka mbali imodzi kapena zonse, ndipo pafupifupi onse anaduka mkati mwa chingwe pafupi ndi kamutu kolowetsa m'tabuleti, chifukwa ana amakoka chingwe m'malo mogwira kamutuko, ndipo ena amachitafuna akamaganiza yankho. Popeza malangizo onse a m'pulogalamu amaperekedwa ndi mawu, tabuleti yopanda hedifoni kwa mwana wosadziwa kuwerenga ili ngati buku lotseka. Tinakulunga tepi yakuda pamalo pomwe pamadukapo, ndipo tinakhala gawo limodzi lathunthu tikuphunzitsa kavalidwe ndi kavulidwe kokha. Komiti inavomera kugula mahedifoni ena khumi mumsika waukulu wa m'tauni, koma mtengo wake unatidabwitsa, pakuti katundu wochokera kunja anakwera kwambiri chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinakwanitsa asanu ndi limodzi okha. Nkhani ya ukhondo nayonso inabuka, mayi wina atabwera kudzadandaula kuti mwana wake watenga chipere. Sitingatsimikize kuti anachitengera pa hedifoni, komabe dandaulolo linali lomveka, ndipo kuyambira pamenepo timapukuta timasiponji ndi kansalu ka sipiriti gulu lililonse likatuluka, pomwe mwana yemwe akutuluka mafinya m'khutu amamvetsera chapansipansi popanda hedifoni, atakhala pakona.

Nkhani yachiwiri ya mwezi uno ndi chilankhulo, ndipo ndiyenera kuifotokoza bwino chifukwa alendo ambiri saiona. Kuno ku Mzuzu ana ambiri amayamba sukulu akulankhula Chitumbuka kunyumba, ena Chitonga, ndipo ena, makamaka a makolo omwe anabwera kudzagwira ntchito kapena kuchita malonda kuchokera m'chigawo chapakati ndi chakumwera, amalankhula Chichewa. Ana a m'tauni amatola Chichewa msanga posewera ndi anzawo, koma mwana yemwe wangobwera kumene kuchokera kumudzi ku Mzimba kapena ku Rumphi amavutika m'masabata oyamba. Tabuleti ikamuonetsa chithunzi n'kunena kuti "galu", iye m'mutu mwake muli "ntcheŵe", ndipo ikamufunsa liwu loyamba la dzinalo amasankha molakwa, osati chifukwa sakumva maliwu koma chifukwa akuganizira mawu ena. M'masamu namonso, "zisanu" kwa iye ndi "vinkhondi". Pulogalamu imayamba ndi mafunso ochepa oyesa pomwe mwana wafika, ndiye mwana wotereyu imamuika pamlingo wotsika kuposa nzeru zake. Tinathandizako pokhala mphindi zochepa m'mawa tikuphunzitsa mawu a malangizo omwe amabwerezedwa kawirikawiri, monga "gwira", "sankha", "kokera" ndi "mvetsera", ndiponso pokhazika mwana watsopano pafupi ndi mnzake wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Ana a Sitandade 2 vutoli alibe kwenikweni.

Disembala 2024

Tisanatseke teremu yoyamba tinawerenga zipangizo pamaso pa wapampando wa komiti, ndipo matabuleti onse 60 analipo. Tinawatchaja, kuwazimitsa kotheratu ndi kuwatsekera, popeza batire la tabuleti likakhala nthawi yaitali lilibiretu moto limawonongeka. Tinatsukanso mapanelo, omwe anali atakutidwa ndi fumbi la m'chilimwe.

Januwale ndi Febuluwale 2025

Walira mvula walira matope. Tinkadandaula ndi fumbi, koma dzinja linabwera ndi zake. Mzuzu ndi malo okwera, a nkhungu ndi mvula yamawawa yomwe imatha kugwa masiku angapo dzuwa osaoneka, ndipo mvula ya kuno imapitirira mpaka mu Epulo kapena Meyi, kumwera itasiya kalekale. Mitambo ikachuluka mapanelo amapereka mphamvu yochepa, ndipo m'sabata yachitatu ya Januwale batire lalikulu linatsika kwambiri moti Lachinayi m'mawa matabuleti 22 okha ndi omwe anali ndi moto wokwanira tsiku lonse. Magulu awiri anabwerera osaphunzira. Magetsi a mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu anatithandiza pang'ono, koma masoketi ndi awiri okha ndipo nawonso magetsiwo amazimazima nyengo ya mvula.

Nditafufuza ndinapeza kuti mitambo siinali yokha yolakwa. Nthambi ya mtengo wa mapeyala inali itakula n'kumaphimba ngodya ya panelo imodzi kuyambira cha m'ma 10 koloko, ndipo mthunzi ngakhale wochepa pa panelo umachepetsa mphamvu kuposa momwe munthu angaganizire poona kukula kwa mthunziwo. Mlonda anaidula tsiku lomwelo. Chachiwiri, ana ambiri ankangozimitsa sikirini m'malo mozimitsa tabuleti yonse, ndipo ena anali atatulukira kokwezera kuwala. Chachitatu n'chovuta kuchilemba, koma ndichilemba: ena mwa ife aphunzitsi tinkatchajirako mafoni athu pa kabatiyo, ndipo tsiku lina ndinapezamo mafoni asanu ndi tochi yaikulu. Sindikuweruza munthu, pakuti ine ndemwe ndinatchajirapo kawiri, ndipo mphunzitsi yemwe kunyumba kwake magetsi azima usiku wonse amaona ngati foni imodzi si kanthu. Mphunzitsi wamkulu anaikamba nkhaniyi pamsonkhano wa aphunzitsi mosatchula dzina la wina aliyense, ndipo tinagwirizana kuti kabati izikhala yokhoma nthawi zonse kupatula pa nthawi yotulutsa ndi kubweza matabuleti. Tinayambanso kutchaja mosinthanitsa, kuyambira matabuleti otsika kwambiri, pakati pa usana pomwe kuwala kumakhala kochuluka. Mu Febuluwale tinataya gawo limodzi lokha chifukwa cha kuchepa kwa moto m'matabuleti.

Mvula inachepetsanso chiwerengero cha ana obwera kusukulu, makamaka omwe amawoloka madambo. Mwana akajomba tsiku la gulu lake amakhala wataya gawo limodzi mwa magawo atatu a sabata yonse, choncho tinalola kuti ojomba azilowa ndi gulu lina ngati pali matabuleti otsala. Denga la chipindacho linayamba kudontha pafupi ndi kabati, ndipo tinaisuntha n'kuikweza pa njerwa podikira kuti likonzedwe.

Za udindo wa mphunzitsi m'chipindamo

Gawo ili silikugwera m'mwezi umodzi, koma ndaliika pano chifukwa ndi mu Febuluwale momwe tinalikambirana mozama. Ana 53 akavala mahedifoni m'chipinda mumakhala zii, ndipo batalo limanyenga. Mphunzitsi amaona ngati zonse zili bwino, n'kukhala kumbuyo kumachonga makope kapena kulemba mapulani a phunziro lotsatira, ndipo kwa miyezi iwiri yoyamba ambiri mwa ife tinkachita zomwezo. Nditayamba kuyenda pakati pa mikeka n'kumasuzumira pa sikirini iliyonse, ndinaona zinthu zomwe bata limabisa. Pali mwana yemwe amangogwiragwira paliponse mpaka yankho litalola, osamvetsera funso n'komwe. Pali wina yemwe amayang'ana tabuleti ya mnzake n'kumatsanzira, pomwe mafunso awo ndi osiyana. Pali winanso yemwe hedifoni yake inasiya kumveka kalekale koma akuopa kunena, kuti angamunene kuti waiwononga ndi iyeyo. Mnyamata wina wa Sitandade 1 ndinamupeza atangokhala, manja ali pamiyendo, ndipo nditamufunsa anayankha motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, yanga yakwiya, sikundilankhula." Kamutu ka chingwe kanali kasanalowe bwino, ndipo sindikudziwa kuti anakhala choncho magawo angati.

Kuyenda komweku n'komwe kunatithandiza kuzindikira mtsikana wina yemwe tinkamuyesa wamanyazi chabe, koma nthawi zonse ankakweza mawu mpaka pamapeto n'kumakanikizira hedifoni kukhutu limodzi. Tinaitana agogo ake omwe amamulera, ndipo ndinawauza kuti, "Agogo, mwanayu si wopanda nzeru ayi, koma tikuona ngati sakumva bwino, ndiye mupite naye kuchipatala akamuone makutu." Anapita naye, ndipo m'kalasi tsopano amakhala kutsogolo. Lamulo lomwe tinagwirizana n'lakuti m'chipinda cha matabuleti simulowa makope ochonga, ndipo mphunzitsi azizungulira chipinda chonse kosachepera katatu pa gawo lililonse.

Ndinaonanso kuti ana ena amazindikira lembo kapena phatikizo pa sikirini, n'kulitsata bwino ndi chala, koma ukawapatsa pensulo ndi kope amalephera kulilemba. Chala pagalasi ndi pensulo papepala zimafuna luso losiyana, ndipo mayeso onse omwe mwanayu adzakumane nawo, mpaka a Sitandade 8, adzalemba papepala. Pa chifukwa chimenechi gulu likabwerera m'kalasi, mwana aliyense amalemba m'kope mwake malembo, mawu kapena nambala zomwe wakumana nazo, ndipo awiri kapena atatu amafotokozera anzawo. Zimatenga mphindi zisanu, ndipo m'maganizo mwanga ndi mphindi zofunika mofanana ndi 26 zija.

Malichi 2025

Lachisanu lina powerenga tinapeza matabuleti 59. Mpata unali pa nambala 37. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu anafuna kuti tisecha zikwama za ana nthawi yomweyo, koma ndinapempha kuti tiyambe tayang'ana m'chipindamo, popeza kusecha ana a zaka zisanu ndi chimodzi pamaso pa anzawo kukanawachititsa mantha ndi chipinda chomwe amachikonda. Tabuletiyo inapezeka itakulungidwa mu mkeka womwe unapindidwa mofulumira dzulo lake. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa tinali titazolowera kuwerenga Lachisanu lokha, ndipo tabuletiyo inagona kunja kwa kabati usiku wonse popanda wodziwa. Tsopano timawerenga tsiku lililonse tikamaweruka, ndipo wotseka kabati amasaina m'kope. Mwezi womwewu sikirini ya nambala 12 inasweka mwana atayipondera podzuka. Sitinalipiritse makolo, ngakhale ena m'komiti ankafuna kutero, chifukwa kholo likangomva kuti tabuleti imalipiritsa lidzauza mwana wake kuti asamaigwire. Tabuletiyo taiika padera ndipo tapereka lipoti kwa oyenera.

Epulo 2025

Kumapeto kwa teremu yachiwiri ndinayesa ana a m'kalasi mwanga ndi pepala lomwe ndinawayesera mu Seputembala, la maphatikizo 20 ndi mawu afupiafupi khumi. Mu Seputembala ana 19 mwa 88 ndi omwe anawerenga mawu osachepera asanu, ndipo tsopano ndi 47 mwa ana 84 omwe analipo. Sindinganene kuti kusintha konseku kwabwera ndi matabuleti, chifukwa anawa akula ndi miyezi isanu ndi iwiri, akhala akuphunzira Chichewa m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo akhala akuwerenga m'magulu ochepa monga ndafotokozera. Chomwe ndikuchiona bwinobwino n'chakuti ana omwe atsalira kwambiri ndi omwewo omwe mayina awo ali ndi mipata yambiri m'kaundula wa magawo. Mwa ana khumi otsika kwambiri, asanu ndi awiri anajomba magawo opitirira theka mu Januwale ndi Febuluwale.

Pakali pano matabuleti ogwira ntchito ndi 59, mahedifoni abwino ndi 52, kutanthauza kuti gulu la ana 53 likadzadza mwana mmodzi amasowa. Komiti yalonjeza kukonza denga pa tchuthi chino ndi kugula mahedifoni ena asanu ndi atatu ndalama za chitukuko cha sukulu zikafika. Mphunzitsi wophunzira ntchito uja amaliza nthawi yake kumapeto kwa chaka cha maphunziro, ndipo funso la yemwe azidzayang'anira theka la kalasi iye akadzachoka ndalipereka kwa mphunzitsi wamkulu kuti likambidwe teremu yachitatu isanafike pakati. Ndapemphanso kuti aphunzitsi ena awiri aphunzire kasamalidwe ka kabati ndi batire, popeza pakadali pano ndikadwala palibe wina wodziwa kuwerenga magetsi a pa kabokosi koyendetsera sola. Mu Juni ndi Julaye kukubwera chisanu ndi nkhungu ya m'mawa, choncho teremu ikangotsegulidwa ndidzayamba kulemba m'kope mlingo wa batire lalikulu kawiri pa tsiku, 7 koloko m'mawa ndi 1 koloko masana.